Nyeleti si mfumu ya mankhwala

Ise a mu Lusaka timakonda nyeleti. Tikapita ku kiliniki ku Kabwata kapena ku Chelstone, a nesi n'kutipatsa mapilisi cabe, timatuluka tikudandaula kuti "sananilase". Madzulo tili kuseli kwa kantemba, kwa munthu wolasa amene sitidziŵa kumene anaphunzila.

Nyeleti ni njila cabe yoloŵetsela mankhwala, ndipo iliyonse ili na malo ake. BCG yoteteza ku TB, imene inatisiyila cipsela pa mkono, imaloŵa m'khungu lenileni. Insulin na Sayana Press zimapita pansi pa khungu. Depo ya miyezi itatu imaloŵa mu mnofu, cimodzimodzi cabotegravir yoteteza ku HIV, imene inayamba kupelekedwa mu Zambia mu February 2024. Dilipi imadutsa mu kanyula, kapaipi kofewa kamene kamatsala mu mtsempha wa magazi nsingano ikacotsedwa.

Kumbukilani kolela ya mu January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala. Dilipi inali ya amene madzi anawathela kwambili m'thupi. Odwala kolela ambili amacila na ORS wakumwa. Camphamvu si cimene cimaŵaŵa.

Wolasa wosaphunzila akaphonya malo pa tako, angavulaze mtsempha woyendetsa mwendo, mwana n'kuyamba kutsimphina. Nsingano yobweleza imanyamula HIV na hepatitis B.

Codabwitsa n'cakuti kapaipi kamene kamapulumutsadi moyo ndiye timakacitila manyazi. Amalume akatupa prostate, mkodzo n'kutsekeka, ku UTH kapena ku Levy amawaika catheter. Kamaloŵa mpaka mu cikhodzodzo, ndipo kabaluni ka madzi kamakagwila kuti kasatuluke. Akabwela kunyumba na thumba la mkodzo, ife timanong'onezana, iwo n'kuleka kupita ku chalichi.

Ise acinyamata ndise timagona pa bedside, conco tidziŵe zocita. Tisambe m'manja tisanagwile paipi, tisaikoke, ndipo thumba lizikhala munsi mwa ciuno kuti mkodzo usabwelele. Thupi likatentha kapena mkodzo ukaleka kutuluka, tisayembekezele kuti kuce.

Ndipo a nesi akatipatsa mapilisi, tisafunse kuti nyeleti ili kuti. Tifunse kuti timwe kangati, kwa masiku angati, ndipo tiwatsilize.