Opaleshoni ni ya dokotala, kupola ni kwa pa nyumba

Mu Lusaka galu ni mlonda wosafunsa malipiro pa month end. Ku Chalala, ku Matero, ku Chelstone, masana amagona kuseri kwa nyumba, usiku timamumasula kuti azizungulira mpanda. N'cifukwa cake akayamba kutsimphina mwendo wa kumbuyo, eni ake ena amafika naye kwa dokotala wa ziweto mpaka kulipira opaleshoni ya bondo. Tiwayamike anthu amenewa. Koma ndalama zonsezo zitha kupita pacabe ngati banja liganiza kuti nchito yathera pa tebulo la dokotala.

M'bondo la galu muli kamtsempha kolimba kamene kamagwira fupa la nchafu ndi fupa la m'munsi kuti asamaterereke. Madokotala amakacha cruciate ligament, komweko kamene kamakhazika osewera mpira pa benchi miyezi yambiri. Wosewera mpira kamamudukira nthawi imodzi m'bwalo. Kwa galu, kawirikawiri kamayamba kutha pang'onopang'ono ngati fan belt ya minibasi, mpaka tsiku lina kamaliza kuduka. Agalu akuluakulu monga Rottweiler ndi Labrador, komanso onenepa kwambiri, ndiwo amavutika nako kwambiri.

Dokotala sasoka kamtsempha kodukako. Njira ina amamanga ulusi wolimba kunja kwa bondo kuti uligwire. Njira ina, yochedwa TPLO, amadula fupa la m'munsi, nalitembenuza pang'ono, nalimanga ndi kacitsulo ndi masikuluu. Fupa limenelo lifuna masabata 8 mpaka 12 kuti ligwirane.

Manje vuto ni iyi: galu sawerenga kalendala. Pakapita masabata awiri kapena atatu ululu umacepa, iye aona monga wacira. Wina agogoda pa geti, galu uja liwiro, kulumpha, kuterereka pa matailosi. Nthawi imeneyo inu muli pa mzere ku Kulima Tower kapena mu jam ya pa Great East Road. Munacoka 05:30, mudzafika kwada. Kacitsulo kakakhota kapena ulusi ukaduka, ni opaleshoni yaciwiri, ndalama zaciwiri, ululu waciwiri. Akulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika.

Conco funso loyamba musanalipire lisakhale lakuti "ni zingati?" koma lakuti "adzatsala naye ndani?" Munthu ameneyo, kaya ni mdzukulu, kaya ni wanchito, apite nanu kwa dokotala akadzimvere yekha malangizo. Uthenga wopatsirana pa foni m'minibasi, kondakita akukuwa, sufika wonse.

Malangizo ake si ovuta, amangofuna mtima wautali. Galu akhale m'kacipinda kakang'ono kapena m'khola laukhondo, pansi posaterera. Yalani mphasa kapena kapeti yakale. Potuluka kukadzithandiza akhale pa cingwe cacifupi, munthu ali pambali. Kuthamanga, kukwera masitepe, kulumphira pa mpando ndi kusewera ndi agalu anzake, zonsezo ziyembekeze. Kolala ya pulasitiki ija ya m'khosi musamuvule cifukwa ca cifundo kapena cifukwa ana a pa neba amuseka. Akanyambita cilonda, cimatukusira. Ulusi wa pa khungu amacotsa pakapita masiku 10 mpaka 14.

Kumutsekera cabe nakonso sikokwanira. Mwendo wosagwira nchito umaonda, bondo limauma. Dokotala akalola, galu ayambe kuyenda pa cingwe mphindi zisanu, pang'onopang'ono kuti aziponda mwendo wodwalawo, ndipo nthawi ionjezeke sabata ndi sabata. Pambuyo pake pamabwera tumasewera monga kumukhazika pansi ndi kumuimiritsa kangapo. Muyezo wake apereke dokotala, osati mnzanu wa pa mpando wa kumbuyo.

Pa mankhwala tisanamizane. Brufen ndi diclofenac za m'kabati mwanu zitha kuboola cifu ca galu ndi kuononga impso zake. Panado nayenso musamupatse popanda mau a dokotala. Mukaona mafinya, fungo, cilonda catseguka, galu wakana cakudya, kapena wayambanso kunyamula mwendo umene anali atayamba kuponda, musayembekeze Ciweru. Bwererani kumene anamucita opaleshoni. Amene alibe dokotala wodziwana naye akhoza kuyambira ku UNZA, kumene sukulu ya madokotala a ziweto ili ndi cipatala cake.

Mbale yake nayonso iyang'aniridwe. Galu wongogona akamalandira nsima yonse yotsala ndi mafuta a m'mphika, amanenepa msanga. Kulemera kumeneko kumagwera pa bondo locitidwa opaleshoni ndi pa linzake lomwe, ndipo agalu ambiri amene anaduka bondo limodzi amadzadukanso linalo.

Mu bajeti ikaninso ya mayendedwe. Galu wa cilonda sakwera minibasi yodzaza anayi anayi pa mpando. Pafunika taxi kapena galimoto ya m'bale popita kukacotsa ulusi, ndiponso pa TPLO popita ku X-ray yoona ngati fupa lagwirana.

Cinthu cowawa kwambiri n'cakuti kwa miyezi iwiri kapena itatu mlonda wanu ali pa sick leave. Usiku asamasulidwe, ngakhale magetsi apite. Konzani loko ya geti, gwirizanani ndi a pa neba, ndipo galu aziuwa ali mkati, pakuti mau ake sanadwale. Ngati muona kuti pa nyumba panu izi sizingatheke, muuzeni dokotala poyera asananyamule mpeni. Agalu ena ang'onoang'ono amapezako bwino ndi kupuma, kucepetsa thupi ndi mankhwala, ndipo iye ndiye angakuuzeni ngati wanu ali m'gulu limenelo.

Galu uyu wakulonderani zaka inu muli mtulo. Masabata 12 akumulondera iye si ngongole yaikulu.