Tiwerenge Ngalande Tisanawerenge Maliro

Aliyense amene wakhala mu Lusaka zaka zingapo, kaya m'nyumba zosanjikana za ku Kabwata, kaya ku Chelstone m'munsi mwa thanki lija lalitali la madzi, adziwa bwino lomwe kuti dzuwa loswa mtengo la mwezi wa Okutobala likafika, fumbi lili koboo mu Lumumba Road ndi kuseri kwa msika wa Soweto, ndiye kuti mvula ili pakhomo. Ndipo adziwanso, popanda womuombezera ula, malo amene madzi adzaima, misewu imene idzasanduka mitsinje, ndi makomboni amene ana adzayamba kutsegula m'mimba. Tsono popeza mayi wogulitsa tomato pa Soweto adziwa zonsezi, nkovuta kumvetsa chifukwa chake mzinda wathunthu, wokhala ndi meya, makhansala, mainjiniya ndi akuluakulu a zaumoyo, umalandira tsoka limeneli monga mlendo wogogoda pakati pa usiku.

Tikumbukire zimene maso athu anaona. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, ndipo kumapeto kwa Disembala Pulezidenti Edgar Lungu anatuma asilikali kuti ayeretse tawuni. Ogulitsa m'misewu anachotsedwa, misika ina inatsekedwa, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mliriwo pomatha unali utagwira anthu oposa 5,000 ndi kupha oposa 100 m'dziko lonse. Tonse tinayesa kuti taphunzirapo. Koma mu Okutobala 2023, mwezi womwewo, mumzinda womwewu, nthendayo inadzanso ndi ukali woposa kale: m'dziko lonse odwala anapyola 20,000, akufa anapyola 700, bwalo la National Heroes Stadium, limene linamangidwira chisangalalo cha mpira, linadzala ndi mabedi a odwala, ndipo ana asukulu anakhala pakhomo kufikira pa 12 Febuluwale 2024. M'masiku amenewo unduna wa zaumoyo unkalengeza tsiku ndi tsiku kuti odwala atsopano ndi angati, ochira angati, otisiya angati, ife nkumamvetsera pa wailesi mitima ili m'malere. Ngati tikhoza kuwerenga maliro mosamala chotero, tilekeranji kuwerenga ndi chisamaliro chomwecho ntchito zimene zikadaletsa malirowo?

Pakuti gwero la vutoli silobisika ayi. Lusaka anamangidwa pamalo athyathyathya, pamwamba pa thanthwe la laimu lodzala ndi ming'alu ndi mapanga, kotero kuti madzi a pansi ali pafupi, ndipo nthawi ya dzinja chimbudzi chokumba ndi chitsime chosaya, zoyandikana pabwalo limodzi, zimamwerana madzi. Mzinda umene Professor Stanley Adshead anaujambula mu 1931, nukhala likulu mu 1935, unalinganizidwira anthu owerengeka, eni dziko akuyesedwa alendo odzagwira ntchito ndi kubwerera kumidzi kwawo, monga tichitira umboni tinyumba tozungulira tija totsala ku Kabwata. Koma kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, ambiri a iwo m'makomboni amene anamera opanda mipope yochotsa zonyansa. Zotere sizingakonzeke m'chaka chimodzi, ndipo si khonsolo inalenga thanthwelo. Koma ngozi imene malo ake ndi mwezi wake zidziwika ndiyo yoyenera kuilondera koposa zonse. Ndipo m'buku la mneneri Ezekieli mlandu wa mwazi uikidwa pamutu pa mlonda amene anaona mdani alikudza, iye osaomba lipenga.

Ena adzati kuwerengako kulipo kale, ndipo anena zoona mbali imodzi. Mkulu wofufuza chuma cha boma, Auditor General, amasanthula mabuku a makhonsolo, ndipo komiti ya Nyumba ya Malamulo imaitana alembi a mizinda kudzafotokoza za ndalama zosowa malisiti. Ntchito imeneyi njolemekezeka, makamaka tsopano pamene thumba la chitukuko cha madera a aphungu, la CDF, limene linali K1.6 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2021, linakwera kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi kupyola K30 miliyoni mu 2024. Komatu lipoti lotere limadza dzinja litapita kale, ndipo liyankha funso la ndalama lokha. Lisiti likhoza kukhala loyera, siginecha ili pamalo pake, chikhalirecho madzi alibe podzera. Suzumirani m'kamwa mwa kalavati ya pafupi ndi msika m'mwezi wa Sepitembala: mudzaona mabotolo apulasitiki atapanikizana, mapaketi a masese osuluka ndi dzuwa, matewera a ana, zonse zitamatana ndi mchenga wouma gwa, udzu utamera pamwamba pake. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inamangidwa ndi konkire pansi pa pangano la madzi, ukhondo ndi ngalande la madola pafupifupi 355 miliyoni lochokera ku Millennium Challenge Corporation ya ku America pakati pa 2013 ndi 2018, ingathe kunyamula madzi okhawo amene timakalavati totereti taipatsa. Tikatsekeka ito, madziwo alowa m'masitolo ndi m'nyumba za anthu.

Chitsanzo cha njira yabwino sitifunika kukachipempha kutsidya kwa nyanja, chili pakhomo pathu pomwe. Bungwe la NWASCO, lobadwa ndi lamulo la madzi ndi ukhondo la 1997, limafalitsa chaka ndi chaka lipoti loyerekeza makampani a madzi a m'dziko muno: madzi atuluka maola angati patsiku, ngoyera motani, otayika m'njira ngochuluka bwanji, ndipo kampani imene yatsalira m'mbuyo imaonekera poyera pamaso pa zinzake. Sindinena kuti lipotilo lathetsa ludzu la Lusaka, koma lapatsa munthu wamba poimira akafuna kufunsa. Chimene ndipempha khonsolo yathu ndi chomwecho, koma wadi ndi wadi, ndiponso mvula isanagwe: kuti pofika kumapeto kwa Sepitembala papachikidwe chikalata pamsika, pachipatala chaching'ono ndi pa ofesi ya khansala, cholembedwa m'chinenero chimene anthu alankhula, chonena ngalande zimene zayeretsedwa ndi zimene zatsala, masiku amene galimoto ya zinyalala inafika kudzatenga mulu kunka nawo kudzala la ku Chunga ndi masiku amene inaphonya, zitsime zimene madzi ake ayesedwa ndi chimene chinapezekamo, ndi dzina la udindo umene uyenera kuyankha pa chilichonse. Ziwerengero zogona m'mafayilo a khonsolo ku Civic Centre sizithandiza mayi wa ku Kanyama amene afuna kudziwa ngati atunge pachitsime kapena akagule madzi pa kiyosiki. Makomiti a chitukuko cha wadi, amene lamulo la maboma aang'ono la 2019 linawakhazikitsa, ndiwo ayende ndi chikalatacho m'manja, kuona ndi maso ngati cholembedwa ndicho chochitika. Pakuti wogwira ntchito sadzichitira yekha umboni.

Za moto nazonso nchimodzimodzi. City Market inapsa mu Julaye 2017, ndipo chaka chomwecho dziko lonse linakangana za magalimoto ozimira moto 42 ogulidwa pa madola 42 miliyoni. Mkanganowo unali wa mtengo, ndipo unali woyenera. Koma wamalonda amene katundu wake ali m'shedi afunikanso kudziwa mphindi zimene galimotoyo itenga kuti ifike, ndiponso ngati mpope wozimira moto wa pafupi ndi msika uli ndi madzi.

Mawu anga olemera ndiwasungira abale athu a kumayadi, ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene ambiri a iwo, atatopa ndi kudikira, anaboola zitsime zawozawo, nakumba maenje awo a zonyansa, nalemba makampani otola zinyalala, nadzitsekera kuseri kwa mipanda yaitali. Sindiwadzudzula pofuna kusamala mabanja awo. Koma potero mzinda unataya mawu a anthu amene adziwa kuwerenga bajeti, amene kalata yawo iyankhidwa, amene foni yawo ikalira ku ofesi ailandira. Ndipo madzi a pansi pa thanthwe lija sadziwa mpanda, nayenso wantchito wophika m'khitchini ya ku Kabulonga amagona ku komboni kumene chitsime chaipitsidwa. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Loya, dokotala ndi wowerengera chuma opuma pantchito akadakhala pa benchi limodzi ndi amayi a pamsika pamsonkhano wa wadi, mafunso akadafunsidwa amene sangayankhidwe ndi malonjezo okha.

Ndidziwa kuti akhonsolo ali ndi dandaulo lawo, ndipo nlomveka: ambiri a ife sitilipira msonkho wa nyumba pa nthawi yake, timakana kulipira otola zinyalala, kenaka usiku timakakhuthula thumba m'ngalande yomwe anyamata anaifukula masana. Chifukwa chake chikalata chija chikhale ndi mbali yachiwiri, yonena za ife eni wadi: nyumba zingati zalipira, zingati zalembetsa kwa wotola zinyalala, ndi malo ati amene ayeretsedwa kawiri nadzazidwanso. Khansala amene wadi yake yatsalira adzakhala ndi mwezi wa Okutobala wathunthu wopempha makina ndi kusonkhanitsa anthu, ndipo mzinda udzadziwa kumene uyambire kutumiza mankhwala a klorini ndi magalimoto opopa zimbudzi mitambo isanachite bii kumpoto.