Boma likagula pulogalamu, tiloledwe kuwona m'kati mwake

Ndikamachonga mayeso a fizikisi, sindipereka malikisi onse kwa amene wangolemba yankho. Ndimafuna kuwona njira. Yankho litha kukhala lolondola, koma ukabisa mmene walipezera, ndidziwa bwanji kuti sunangolota? Ndimaganiza chimodzimodzi za mapulogalamu a kompyuta amene boma limalipira ndi misonkho yathu.

Pulogalamu iliyonse imayenda potsata malangizo amene akatswiri analemba, otchedwa source code. Makampani ambiri amabisa malangizowa, amangokugulitsa chilolezo chogwiritsa ntchito. Pulogalamu ya open source ndi yosiyana: aliyense atha kuwerenga malangizo ake, kuwakonza ndi kugawirako ena.

Tsono taganizani. Boma lalemba kampani kuti ipange pulogalamu yosunga mbiri ya odwala, koma code ikhala ya kampaniyo. Mawa kampani ikakweza mtengo kapena kutseka, boma lipita kuti? Palibe wina angakonze chinthu chimene sanachiwonepo. Ndiye timangolipira basi, chaka ndi chaka.

Njira ina ilipo kale kwathu kuno. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu ya open source imene imatsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway. Mmalawi aliyense wofuna atha kuiphunzira mpaka m'kati.

Koma ndisakunamizeni, open source si yaulere pa zonse. Mu 2003 khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany inasankha Linux, ndipo makompyuta pafupifupi 15,000 anasamutsidwa. Mu 2017 khonsoloyo inavota zobwerera ku Windows. Ine ndimatolapo phunziro ili: ngakhale usalipire chilolezo, uyenera kuphunzitsa antchito ndi kulipira akatswiri osamalira pulogalamuyo. Komabe ndalama imeneyo itha kupita kwa anthu a komweko, osati kunja.

Maganizo anga ndi akuti mgwirizano uliwonse umene boma likulipira pulogalamu yatsopano uzinena poyera kuti code ndi ya anthu. Zinsinsi za odwala zitetezedwe, inde, koma malangizo a pulogalamu awonekere.

Nkhaniyi ikukukhudzani. Mukagula mayunitsi a foni, mumalipira kale msonkho. Ndipo akatswiri odzakonza mapulogalamuwa ndinu nomwe. Mukapeza kompyuta, yesani LibreOffice, imene ndi ya open source, kenako funsani kuti: imagwira ntchito bwanji? Funso limeneli ndi lomwe timayambira mu labu.