SIKELO ILOWE M'SUKULU ZA SEKONDALE

Abale anchito a mu Chilenje, Matero ndi Kanyama, mwana akabadwa amai amapita naye ku sikelo kufikira zaka 5. Pambuyo pace khadi limagona m'sutikesi, ndipo kukula kwace timangoyesa ndi maso.

Kafukufuku wa Boma wa ZDHS anapeza kuti mu 2007 ana 45 pa 100 osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu 2018 anali 35. Anawo amakula, nalowa sekondale, pa msinkhu umene thupi lithamanganso kukula ndi kufuna cakudya cambiri. Mwana wocoka m'nyumba m'mimba muli zii angamve bwanji masamu?

Muyeso ulipo kale: bungwe la WHO linaturutsa mu 2007 miyeso ya utali ndi kulemera kwa ana a zaka 5 mpaka 19. Cofunika ndi sikelo, tepi ndi buku basi. Ciyambire maphunziro aulere mu 2022, ana a amphawi acuruka m'makalasi. Kulibe malo ena owapimira oposa sukulu.

Cotero tikuti mwana ali yense apimidwe kamodzi pa caka. Woonda athandizidwe ku cipatala, wonenepetsa ndi zokazinga ndi zakumwa za shuga alangizidwe, ndipo zonsezi mosamcititsa manyazi. Ziwerengero zipite ku National Food and Nutrition Commission, bungwe lokhazikitsidwa mu 1967, kuti Boma lidziwe komboni imene njala yaluma.

Makolo, kanenani zimenezi pa msonkhano wa PTA!