Ndalama za Maphunziro M'boma Zimathera Kuti?

Sukulu za pulayimale m'Malawi zili m'manja mwa makhonsolo, potsatira lamulo la maboma ang'ono la 1998 lomwe linatsitsa mphamvu zina kuchoka ku likulu la boma ku Capital Hill. M'boma lililonse sukuluzi zimagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake, amene aphunzitsi amangowatchula kuti a PEA.

Ndalama zoyendetsera maphunziro m'boma zimabwera m'magawo osafanana kukula. Pali za ofesi, zogulira mafuta ndi mapepala. Pali thandizo lotukula sukulu lotchedwa SIG, lomwe limalowa ku akaunti ya sukulu kuti komiti ya sukuluyo igule choko, ikonze zimbudzi kapena ithandize ana ovutika. Ndalama imeneyi ndiyo imautsa mikangano pamisonkhano ya makolo, chifukwa imaoneka ndi maso, komabe ndi yochepa. Gawo lalikulu koposa ndi malipiro a aphunzitsi. Choncho boma lomwe likufuna kudziwa ngati ndalama zake zikugwira ntchito liyenera kuyamba ndi kufunsa komwe aphunzitsi ake ali.

Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana osapitirira 60. Chiwerengero cha boma lonse chikhoza kuyandikira pamenepo, koma chimabisa zambiri. Sukulu za pa boma ndi za m'mbali mwa msewu wa phula, komwe kuli magetsi, chipatala ndi msika, zimadzaza aphunzitsi, pamene pasukulu ya kutali mphunzitsi mmodzi amalimbana ndi ana oposa 100. Zifukwa zimene aphunzitsi amapereka popempha kusamuka kumudzi n'zodziwika: kutsatira banja, kalata ya kuchipatala, nthawi zinanso mawu a munthu wamkulu amene ofesi singawakane. Zina n'zoona ndithu, pakuti sukulu zambiri za kumudzi zilibe nyumba za aphunzitsi. Alawansi ya kumudzi inakhazikitsidwa kuti ikope aphunzitsi kupita kutali, koma kafukufuku wa World Bank anapeza kuti inkafikira aphunzitsi ochuluka kwambiri, ngakhale a pafupi ndi matauni, motero inasiya kukopa.

Pasukulu pomwepo vutoli limabwerezedwa. Sitandade 8 imapatsidwa aphunzitsi angapo chifukwa mbiri ya sukulu imayezedwa ndi mayeso a MANEB ndi ana osankhidwa kupita ku sekondale. Sitandade 1, yomwe ili ndi ana ambiri kuposa kalasi ina iliyonse, imasiyidwa ndi mphunzitsi mmodzi, kawirikawiri pansi pa mtengo. Kudzaza kumeneku kunakula mu 1994, pamene maphunziro aulere anawonjezera ana oposa miliyoni imodzi m'chaka chimodzi.

Mwana amene sanaphunzire kuwerenga m'kalasi yotere amabwereza, ndipo khonsolo imalipira kawiri chaka chimodzimodzicho. Wobwerezayo amakhalanso m'kalasi limodzi ndi oyamba kumene, kalasi n'kudzazirabe. Ndalama yotayika chonchi silembedwa m'buku lililonse, kotero owerengera ndalama za boma akabwera amafufuza malisiti a simenti ndi choko, osaiona. Kusamutsa mphunzitsi kuchoka ku Sitandade 8 kupita ku Sitandade 1 sikufuna ndalama yowonjezera, ndipo kuli m'mphamvu ya mphunzitsi wamkulu ndi a PEA.