Anyamata aja sankataya nthawi

Pa tchuthi chapitachi tinali kwathu ku Zalewa, pamphambano pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira. Kuseri kwa ogulitsa manachesi tinapeza anyamata atatu a Fomu 2 ataunjirira laputopu yakale. Gemu yawo ya Minecraft inkangotsekeka ikangoyamba. Mayi ena podutsa anati, "Ana a masiku ano, ntchito n'kutaya nthawi." Ife tinaima n'kuonerera, ndipo mayiwo sitikugwirizana nawo.

Minecraft, yomwe kampani ya Mojang ya ku Sweden inaitulutsa mu 2011, siuza wosewera chochita. Amasankha yekha kumanga nyumba, kulima kapena kukumba miyala. Ena amawonjezeramo timapulogalamu totchedwa ma mod, tobweretsa nyama zatsopano, makina ndi zina. Koma mod iliyonse imapangidwira mtundu umodzi wa gemuyo, ndipo ma mod awiri atha kulimbana mpaka zonse kuima.

Anyamatawo anali ndi ma mod 40. Kuchotsa imodziimodzi bwenzi batire litatha asanapeze yolakwa. Wamng'ono pa onse ndiye anati achotse theka, 20, ayatse gemu. Ikakana, yolakwa ili mwa otsalawo. Ikayenda, ili mwa ochotsedwa. Kenako theka la thekalo: 10, 5, 3, 2, 1. Kuyesa kasanu ndi kamodzi kokha, anaigwira. Atatero anatsegula fayilo yomwe gemu imalemba ikagwa, n'kumawerenga Chingelezi chake mzere ndi mzere mpaka anaona kuti mod ija inali ya mtundu wakale.

M'kalasi la njira zophunzitsira amatiuza tsiku ndi tsiku kuti mwana aziganiza yekha, aziyesa, azisintha chinthu chimodzi n'kuona chotsatira. Ambiri a ife tinakhoza MSCE poloweza manotsi, ndipo sayansi ina tinangoiona pa bolodi. Apa ana ankachita zomwezo popanda mphunzitsi, popanda malikisi.

Makolo ali ndi zifukwa zodandaulira, sitikukana. Magemu ena, monga GTA, nkhani yake ndi kuba magalimoto ndi kuwombera anthu, ndipo mwana atha kuchezera usiku wonse homuweki ili pomwepo. Ma mod aja anachokera pa fulashi yomwe yazungulira makompyuta ambiri, njira yomwe mavairasi amadzera. Laputopuyo inali ya mkulu wake wa mmodzi mwa iwo, momwe muli ma asayimenti a chaka chonse. Komanso Minecraft ndi yogula, ndipo tikukayika ngati yawoyo inagulidwa.

Koma kulanda laputopu sikuthetsa chilichonse mwa izi. Pali gemu yofanana nayo, Luanti, yomwe mpaka 2024 inkatchedwa Minetest. Ndi yaulere, imayenda pa kompyuta yofooka popanda intaneti, ndipo ma mod ake amalembedwa m'chilankhulo cha Lua chomwe mwana wa sekondale angathe kutsegula n'kusintha. Tikamapita ku teaching practice tidzaitenga pa fulashi yoyera, n'kupempha ahedi ola limodzi Lachitatu masana.