Walira mvula, walira matope

Kagulu ka achinyamata okonda kuwerenga kuno ku Nangongwe ku Kafue, aja okwera minibasi m'mamawa kupita ku makoleji a ku Lusaka, kagamula mlandu. Akuti buku lachiwiri la ndakatulo la Jack Mapanje, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, silikufika pa loyamba lija. Akuti muli mkwiyo wokhawokha, kukoma kwa loyambalo, Of Chameleons and Gods, mulibe. Wina mpaka akuti ndende inawalanda luso akuluwa.

Walira mvula walira matope. Anthu omwewa ndi amene dzana ankang'ung'udza kuti buku loyamba n'lovuta, ladzaza abilimankhwe ndi zining'a, n'kumafunsa kuti munthu wamkulu bwanji osangonena chimene akufuna kunena. Chabwino, ananena. Tsono mukuliranso chiyani?

Buku loyambalo linatuluka mu 1981 ku London, nthawi imene ku Malawi lilime lotayirira linkagonetsa munthu kundende. Kubisa mawu kunali kusunga khosi. Komabe sikunawapulumutse: mu 1985 boma la Kamuzu linalichotsa bukulo m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo mu Seputembala 1987 apolisi anawagwira a Mapanje ku Zomba, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi pa Chancellor College. Anakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osauzidwa mlandu, osaonekera kukhoti. Cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, moti ndakatulo ankazipeka m'mutu n'kuzisunga momwemo. Buku lachiwiri linatuluka mu 1993 iwo ali kale ku England, chaka chimene Amalawi anakana ulamuliro wa chipani chimodzi pa riferendamu. Munthu wochokera kumeneko mukufuna akuimbireni za maluwa?

Ife a kuno ku Zambia tinayenera kuzimva msanga zimenezi, chifukwa zinachitikanso pakhomo pathu. Frank Chipasula, Mmalawi amene anathawira kuno n'kuphunzira pa University of Zambia, buku lake loyamba, Visions and Reflections, linasindikizidwa ku Lusaka ndi NECZAM mu 1972, iye ali mnyamata. Lachiwiri, O Earth, Wait for Me, linatulukira ku Johannesburg mu 1984, patapita zaka zambiri asanapondenso kwawo, ndipo za nkhanza ndi kuzunza anthu analankhula mosapsatira. Amene amafuna kuti mlakatuli abwereze buku loyamba akufuna kuti munthuyo asakule, asavutike, asaone kanthu pa zaka khumi ndi ziwiri.

Chimene chimanyansa kwambiri n'chakuti oweruzawa ambiri bukulo sanaligwirepo m'manja. Awerenga ndakatulo zitatu zimene wina anajambula n'kutumiza pa WhatsApp, zina zodukira pakati, basi chigamulo chatuluka. Ndalama ya mabando ya mwezi wathunthu imapezeka, ya buku ayi. Yendani kuchokera pamsika wa Nangongwe mpaka ku Kafue Estates mufunse buku la ndakatulo, muone mmene akuyang'anireni. Ndiye mawa anthu omwewa adzadandaula kuti kwathu kuno kulibe olemba.

Ndipo n'zodabwitsa kuti ana a ku Kafue ndiwo akudabwa ndi mawu a munthu wolakwiridwa. Ambiri anakulira m'nyumba zimene bambo anasiya kupita kuntchito fakitale ya Kafue Textiles itatsekedwa, n'kumadikira malipiro chaka ndi chaka. Bambo amenewo pofotokoza nkhani yawo sankaphiphiritsa. Ankatchula maina, masiku ndi ndalama, ankabwereza nkhani imodzimodzi mpaka ana kutopa, ndipo palibe anawauza kuti asankhe mawu okoma.

Zoona, si matope onse amene amamera chimanga. M'buku lachiwirili muli ndakatulo zina zimene maina a anthu ndi a malo amachuluka, moti wosadziwa Zomba ya nthawi imeneyo amasochera panjira. Wonena zimenezo atawerenga buku lonse, timumvera. Koma mankhwala ake ndi kufunsa, ndipo ofunsidwa alipo: m'makomboni a Kafue ndi Lusaka mudakali agogo ochokera ku Malawi amene amakumbukira bwinobwino chimene dzina loti Mikuyu linkatanthauza likatchulidwa pamudzi.